Masokosi a Bambo Bang

A Bang Deok-su anadziwa kuti achotsedwa pa pemphero la Khirisimasi kudzera pa pepala lomata pakhoma, monga amadziwira mwana wasukulu kuti walephera mayeso.

Pepalalo linamatidwa Lamlungu lachiwiri la Disembala, pakhonde la tchalitchi cha m'mudzi wa Gamgol, pamwamba pa shelefu ya nsapato. Linali ndi ntchito za tsiku la Khirisimasi ndi mayina a ozigwira. A Bang anavala magalasi n'kuyang'ana mzere wa pemphero lotsekera, pamene dzina lawo linakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osasuntha. Anapezapo a Seok. A Seok olima sitiroberi aja, munthu amene pemphero lake lalitali kwambiri chibadwire linali lodalitsa chakudya. Chala cha a Bang chinatsika mzere ndi mzere, kudutsa kwaya, kudutsa maluwa, kudutsa ngakhale otsuka mbale, mpaka chinaima pansi penipeni: Kukonza nsapato pakhomo, mkulu wa mpingo Bang.

Analowa m'kachipinda ka abusa osagogoda n'komwe. Abusa a Yeom anali atangotha chaka chimodzi pampingopo, ndipo a Bang anali atawerengera kale kuti pamene iwo ankayamba kuphunzitsa kusekondale, abusawa anali asanamere mano.

"Abusa, pepala lija lalakwika. Wolemba wasokoneza mizere."

"Ndalemba ndine, akulu."

"Ndiye mwasokoneza ndinu. Sindikukuimbani mlandu, ntchito ya mapepala imafuna kuzolowera."

Abusa anawapatsa mpando ndi tiyi wa balere. A Bang analandira mpando wokha. Tiyi anamusiya azizire pamaso pa mwini wake.

"Amayi a kukhitchini anabwera kwa ine," anatero abusa. "Onse asanu ndi awiri, mayi Pyo ali patsogolo."

"Za supu ija?"

"Za supu ija."

Nkhani ya supu inali yotere. Ku Gamgol mapemphero a Khirisimasi akatha, mpingo wonse umadya supu ya tteok, timitanda ta ufa wa mpunga todulidwa mopyapyala. Tteok sadikira munthu. Ukamuponya mu msuzi wowira amamira, kenako amayandama, ndipo akangoyandama ayenera kulowa m'mbale. Ukamusiya amatupa n'kumwa msuzi wonse. Khitchini ili kuseri kwa khoma la kuguwa, choncho amayi amaponya tteok pomvetsera pemphero lotsekera. Pa zaka zonsezi anali ataliphunzira pemphero la a Bang monga woyendetsa basi amaudziwira msewu wake. Limayambira pa kulengedwa kwa dziko, limakhota pa aneneri, limaima nthawi yaitali pa nyumba ya alendo ya ku Betelehemu kukalipira eni ake, ndipo likafika pa oweta nkhosa ndiye kuti latsala pang'ono. Akamva oweta nkhosa, ankaponya. Chaka chatha, osauza munthu, a Bang anawonjezera masamba atatu pambuyo pa oweta nkhosa, okhudza achinyamata amene asandutsa kubadwa kwa Mpulumutsi kukhala tsiku lodyetsana keke pansi pa magetsi a m'masitolo. Pofika pa ameni, miphika iwiri ikuluikulu inali itadzaza chinthu choti ukhoza kumatira mapepala kukhoma. Amuna awo a mayi Pyo anazika supuni m'mbale, supuni n'kuima yokha, anthu n'kumaijambula ndi mafoni.

"Ndiye mukundiuza kuti mpingo wa Yesu Khristu ukulamulidwa ndi mphika?" anafunsa a Bang.

"Ndikukuuzani kuti a Seok nawonso ndi mwana wa Mulungu, ndipo sanapempherepo pagulu. Komanso nsapato ndi utumiki, akulu."

"Utumiki! Ine ndinali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu zaka khumi ndi chimodzi."

"Ndikudziwa. Munandiuza tsiku lomwe ndinafika."

Sikuti a Bang ankadandaula za iwo eni. Izi anazifotokoza bwino kwa wogulitsa mankhwala, kwa wometa tsitsi, ndi kwa anthu awiri amene ankadikira basi ndipo analibe kothawira. Chimene chinkawawawa chinali mpingo. Khirisimasi dziko laipha kale. M'tauni ya kumunsi, ogulitsa nkhuku zokazinga aimika chidole cha nkhalamba yandevu za thonje pakhomo, ndipo ana akudziwa mitundu yonse ya keke koma ukawafunsa za Betelehemu amayesa ndi kampani ya mafoni. Mphindi makumi awiri ndi zisanu zokha pachaka ndi zimene anthu a ku Gamgol ankamva tanthauzo lenileni la tsikuli, ndipo tsopano nazonso zaperekedwa nsembe kwa supu. Madzulo alionse a Bang ankakhala patebulo n'kumalembabe pemphero la chaka chino, poti munthu sadziwa. Linafika masamba khumi ndi limodzi. Anawapinda bwino n'kuwaika m'thumba la mkati la jekete.

Kutacha pa Khirisimasi, mudzi wonse unali utakwiririka ndi chipale chofewa chofika m'mawondo. A Bang anavala suti yakuda ndi masokosi atsopano a ubweya, otuwa, amene mwana wawo wamkazi anatumiza kuchokera ku Incheon. Pa nkhani ya masokosi a Bang sankaseka ndi munthu. Pachitseko cha tchalitchi panali chikwangwani chimene analemba okha ndi burashi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ataona atsikana akulowa m'nyengo yotentha zikhadabo za kuphazi zili pululu ndi utoto: M'nyumba ya Mulungu salowa wopanda masokosi. Anthu ankayamikira kalembedwe kake. Panalinso chifukwa china chimene sichinalembedwe pachikwangwanipo. Mapazi awo anali oipa. Zidendene zong'ambika ngati munda wa mpunga wosowa madzi, zala zokwerana, chikhadabo cha chala chachikulu chakuda ndi chokhota. Chimwalirire akazi awo palibe anawaonapo, ndipo malemuwo akadali moyo ankawayang'ana mwachisoni.

Pakhonde pankazizira koopsa. Mayi Pyo anatulukira atavala epuloni, m'manja muli chopanira chachitali chonyamulira nsapato.

"Akulu, chida chanu ichi. Mumagwira kuno, kukamwa kwake ndi uku."

"Kagwiridwe ka chopanira ndimakadziwa, mayi."

"Ndangonena. Mwina kusukulu kuja munali ndi okugwirirani."

"Inu pitani mukayang'ane mphika. Ndamva kuti ndiwo ukutsogolera mapemphero lero."

"Umatha msanga, n'chifukwa chake," anatero mayi Pyo, nabwerera.

A Bang anatsimikiza mumtima kuti ngati awaponya ku nsapato, nsapatozo zikonzedwa mwa njira yoti mpingo uchite manyazi. Anthu ankafika, kuvula, kuwerama n'kulowa, iwo n'kumatola peyala iliyonse, kuikutumula chipale n'kuitembenuza kuti iyang'ane kunja, mwini wake potuluka adzangolowetsa phazi. Za akulu a mpingo anaika pamwamba, za madikoni pakati, za anthu wamba pansi. Anapeza zinthu zimene sankayembekezera. Anthu olemekezeka, ena oimba m'kwaya, amapondereza zidendene za nsapato ngati ana. Mkulu mnzawo wina anabwera ndi nsapato ziwiri zosiyana. A Bang anasunga mayina m'mutu.

Chitseko chinatsekedwa. Kwaya inaimba, abusa anayamba ulaliki, iwo ali panja ndi chopanira. Malo a bambo Seok, monga anaonera pa kagalasi ka pachitseko, anali opanda munthu. Ndiwo anthu opatsidwa pemphero amenewo.

Ulaliki uli mkati, munthu anatulukira pageti akuthamanga mopunthwapunthwa m'chipale. Anali mayi wa zaka makumi anayi kapena kuposerapo, atavala jekete yachimuna ndi jombo za mphira. A Bang anamuzindikira kuti ndi mmodzi wa anthu a ku Philippines ogwira ntchito m'mashedi a pulasitiki momwe bambo Seok amalimamo sitiroberi. Dzina sankalidziwa. Anali asanalifunepo.

"Akulu, andituma bwana a Seok. Foni ya abusa ndi yozimitsa. Shedi imodzi yagwa ndi chipale, zina zikupindika, tikukokolola chiyambire m'mawa. Akuti sabwera. Akuti pemphero mupemphere ndinu."

A Bang sanasangalale ndi kugwa kwa shedi ya mnzawo. Mkhristu satero. Anangoona kuti Mulungu ali ndi njira zake, ndipo dzanja lawo linapita lokha kuthumba la mkati. Analemba kakalata, anatsegula chitseko pang'ono n'kupatsa wokhala pafupi, kakalatako n'kuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kuguwa. Abusa anawerenga, anatsinzina kamphindi ngati munthu womva dzino, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

"Uthenga wafika," a Bang anauza mayi uja. "Ukhoza kubwerera."

Mayiyo sanasunthe. Anaima pafupi ndi chitseko, khutu lili mkati.

"Bwana anati ndikhoza kukhala mpaka mapemphero atatha. Kwathu Khirisimasi sindinkajomba. Kuno ino ndi yachitatu ndisanalowe m'tchalitchi."

"Ndiye lowa, usaime pamenepo ngati wobwera kudzagulitsa malonda."

"Sindingalowe."

Anazula phazi limodzi m'jombo. Linali lopanda kanthu, lofiira ndi lotupa ndi kuzizira. M'thumba la jekete munkatuluka nsonga ya sokosi yodontha madzi.

"Anyowa, ndawavula panjira," anatero, naloza chikwangwani. "Munandibweza mu Julaye, nditabwera ndi masilipasi. Munandiwerengera chikwangwanichi kawiri, pang'onopang'ono, kuti ndimve."

Nkhope a Bang sanaikumbukire, koma kuwerenga kawiriko anakuzindikira. Ndiko kanali kaphunzitsidwe kawo. Mkwiyo unawakwera. Anakwiyira a Seok potuma munthu m'chipale ndi mapazi onyowa. Anakwiyira opanga jombo zolowa madzi. Anakwiyira abusa pozimitsa foni. Akufunafuna wina woti amukwiyire, anapeza mayi Pyo ataima pakhomo la khitchini, chipande chili m'manja, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti amva zonse.

"Aa, Minda, mwana wa amayi, mapaziwo! Lowa msanga, mkatimo pansi pakutentha."

"Chikwangwani, amayi," anatero Minda.

Mayi Pyo anayang'ana chikwangwani, kenako anayang'ana mwini wake.

"Akulu, ndamva kuti mukupemphera ndinu. Tsamba lija la nyumba ya alendo lilipo chaka chino?"

"Lilipo. Lachinayi."

"Lija mumati eni nyumba anali ndi mitima ya mwala, anaona mayi wotopa pakhomo n'kumuuza kuti malo kulibe?"

"Zimenezo n'zosiyana kwambiri."

"Muwerengereni pompano. Kawiri. Pang'onopang'ono, kuti amve."

"Lamulo ili linavomerezedwa ndi msonkhano wa akulu! Silingachotsedwe pakhonde ndi munthu wovala epuloni!"

"Ndiye asalowe."

"Wanena kuti asalowe ndani? Pakhomo pano lero pali ine, ndipo palibe Mkhristu atsale panja ine ndili pantchito!"

"Ndiye alowe."

"Wopanda masokosi salowa!"

"Akulu, ine ndili ndi miphika pamoto. Lamulo ndi lanu, khomo ndi lanu. Kaya masokosinso akhala a ndani, muona nokha." Anatseka chitseko cha khitchini ndi phazi.

A Bang anapuma mwamphamvu kangapo. Kumulowetsa chomwecho kunali kuvomera kuti chikwangwani chinalakwika, pamaso pa munthu wa epuloni. Kumusiya panja kunali kupatsa khitchini nkhani ya zaka khumi. Anakhala pasitepe mwaukali, ngati sitepeyo ndiyo yawalakwira.

"Yang'ana uko," anatero.

Anavula nsapato, anasolola masokosi, n'kuwatambasula chakumbuyo osatembenuka.

"Vala. Ndi ubweya weniweni, usadzachape ndi madzi otentha."

"Ayi, akulu, nanga inu..."

"Ndati vala!" Anali mawu aja amene ankakhalitsa chete ana mazana asanu pabwalo la sukulu. Minda anavala. Masokosiwo anamufika pafupi ndi mawondo. Anawerama kwambiri, anatsegula chitseko n'kulowa.

Lamulo linapulumuka. A Bang anamva kukoma kwa kupambana mpaka pamene chitseko chinatsekeka, chikwangwani n'kubwerera pamaso pawo m'kalembedwe kawo kokongola. Anachiwerenga. Anayang'ana pansi. Mkati nyimbo inatha, ndipo mawu a abusa anamveka bwinobwino.

"Tsopano mkulu wa mpingo a Bang atitsogolera pa pemphero lotsekera."

Anayesa kukokera buluku pansi kuti libise mapazi, koma telala anali atasoka molondola kwambiri. Anaganiza zotsala panja. Akatero abusa apemphera okha mphindi ziwiri, mpingo uona kuti zimatheka, ndipo dzina la Bang silidzakweranso pepala lija mpaka imfa. Anagwira thumba la mkati. Masamba khumi ndi limodzi, milungu iwiri ya ntchito.

"Akulu a Bang?" abusa anaitananso.

Analowa.

Choyamba chimene anamva chinali kutentha kwa pansi, pamene pamadutsa mapaipi a madzi otentha. Zaka makumi atatu akuyenda pamenepo, anali asanakumvepo pakhungu. Kunali kokoma, ndipo zimenezinso zinawakwiyitsa. Chachiwiri chinali chakuti ku Gamgol anthu amakhala pansi, pamakushoni, ndipo munthu wokhala pansi akaweramitsa mutu kuti apemphere, maso ake amagwera pamene pali mapazi a wodutsa. A Bang anayenda pakati pa mpingo wonse woweramitsa mitu. Anamva kunong'ona kukuwatsatira mzere ndi mzere. Kutsogolo kunali agogo a Maeng, amene makutu awo anafa kalekale ndipo kunong'ona kwawo kumamveka kumsewu.

"Ndi a Bang awa? Chala chija chinatani, chinapsa?"

Tebulo lopempherera linali la mwendo umodzi wowonda, losabisa kanthu. A Bang anatulutsa masamba n'kuwatambasula. Mzere woyamba unkanena za nthawi imene mapiri anali asanaikidwe. Anakweza maso. Mpingo wonse unali utaweramitsa mitu mwaulemu, maso ali tong'o. Munthu mmodzi yekha ndiye anali atatsinzina, kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, masokosi otuwa akuonekera pansi pa jekete, milomo ikugwedezeka. Anali atayamba kale kupemphera osadikira mkulu wa mpingo.

A Bang anayang'ananso mapiri aja. Anapinda masamba.

"Ambuye Yesu," anatero, mawu akutuluka ngati akukalipira munthu. "Lero munabadwa. Munabwera opanda kanthu kuphazi. Mukanafika pakhomo lino, ine ndikanakuwerengerani chikwangwani. Kawiri. Inu munabwerabe, ndipo simunatifunse kuti tavala chiyani. Mutikhululukire, muyambire ine. Mulimbitsenso mashedi a bambo Seok. Ameni."

Mpingo sunali wokonzeka. Ena anali asanapeze n'komwe kakhalidwe koti apirire nako mphindi makumi awiri ndi zisanu. Ameni anabwera mobalalika, wina apa wina apo. Kuseri kwa khoma kunamveka chipande chikugwa pansi.

Abusa asanamalize kudalitsa, mayi Pyo anali atafika kale pakhomo la m'mbali.

"Oweta nkhosa ali kuti? Akulu! Ndauza amayi kuti tidikire oweta nkhosa, kenako tiwerenge mpaka mazana atatu! Tteok akadali m'beseni! Chaka chatha munatidyetsa phala, chaka chino mukufuna tidye madzi?"

"Munafuna lalifupi."

"Tinafuna lodziwika mathero ake! Munthu amachenjeza anzake!"

Supu inachedwa, ndipo podikira anthu anawazungulira a Bang. Apa ndi pamene panawawawa koposa. Mmodzi ndi mmodzi ankawagwira dzanja n'kumati pa mapemphero awo onse, ili ndilo lawafika pamtima. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za kuwerenga mabuku, kusankha mawu, kulemba ndi kufufuta, anthu n'kuyamikira chinthu chimene chatuluka chifukwa cha manyazi a zala za kuphazi. Agogo a Maeng anawauza dzina la mafuta opaka zidendene, tchalitchi chonse chikumva. Abusa anabwera maso ali ofiira ndi misozi.

"Akulu, chaka chamawa pemphero lija..."

"Za chaka chamawa tidzakamba kumsonkhano wa akulu. Ndi za chikwangwani. Ndi za anthu opondereza zidendene za nsapato, mayina ndili nawo. Pepani, ine ntchito yanga sinathe."

Anabwerera pakhonde. Nsapato zonse zinali m'mizere yake, zikuyang'ana kunja, kupatula jombo za mphira zimene zinagona chammbali pamene mwini wake anazisiya. Anazidzutsa n'kupisamo dzanja. Munali monyowa mpaka kumapeto. Munthu akadya abwerera nazo kumashedi, ndipo masokosi a ubweya weniweni alowa m'madzi amenewa. Jombo yonyowa imafuna mapepala. Anayang'ana pashelefu, kuseri kwa chitseko, pansi pa benchi. Tchalitchi chonse chopanda ngakhale nyuzipepala imodzi. Ndiwo utsogoleri wa masiku ano umenewo.

Anapisa m'thumba la mkati. Tsamba la kulengedwa kwa dziko analikwinya n'kulilowetsa m'jombo ya kumanzere. Aneneri anatsatira. Tsamba lachinayi analiyang'ana kanthawi, kenako analikankhira mkati kwenikweni, kumene kumakhala zala. Oweta nkhosa anapita kumanja, pamodzi ndi achinyamata ndi keke yawo. Pepala linali labwino, lokhuthala, ndipo linayamba kumwa madzi nthawi yomweyo. Anaimika jombozo pafupi ndi chitseko, pamene kampweya kotentha kamatulukira, n'kuzitembenuza kuti ziyang'ane kunja.

"Wayandama!" mayi Pyo anakuwa mkatimo. "Amene akufuna kupempherera chakudya achite mumtima!"

A Bang anakoleka chopanira pamsomali, anadutsa chikwangwani osachiyang'ana, n'kupondanso pansi potentha paja. Supu anali asanailawe, koma ankadziwa kale kuti mchere wachepa, ndipo anali wokonzeka kunena.